Chipewa cha a Moriyama

Fungo la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo limandibwezera ku Edmonton, pa nsanjika yachisanu ya chinyumba cha mafulati chimene tinkakhala ine ndi amayi. Anzanga akatsegula kabotolo kameneko amakhala akuganiza za ukwati wa Loweruka. Ine ndimaona timatabwa topepuka ngati mapesi, mapepala opyapyala, ndi zala za nkhalamba zimene zinkanjenjemera mpaka zitagwira kampeni, kenako n'kukhazikika. Ndinali ndi zaka khumi. Ndinali nditangotha miyezi isanu ndi iwiri ku London, ndipo chaka chimenecho kunatentha mwakuti ngakhale azungu eni dziko ankayenda m'misewu malaya ali m'manja, akudandaula ngati dzuwalo tabwera nalo ndife.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, kuchoka mmawa kubwera madzulo. Sukulu itatsekera kumapeto kwa Julaye panalibe wondisiyira. Ndiye anandikhazika pampando wa kukhitchini, anandiveka kiyi wa pachingwe m'khosi, n'kundiuza malamulo.

"Chiko, mvetsera bwino. Kaya agogode ndani, osatsegula. Osaima pawindo, TV uziika pansipansi. Kiyiyu ndi wa moto ukabuka basi. Anthu a kuno akangodziwa kuti ukumatsala wekha ayimbira asosho, aboma oona za ana aja, ndiye asosho akabwera safunsa zambiri, amangotenga mwana. Ine sindingakuonenso. Wamva?"

Ndinamva, ndipo mawuwo anandikhala pamtima ngati mwala. Asoshowo sindinkawadziwa nkhope, koma ndinkawalota atavala majekete akuda.

Kwa agogo ku Ndirande, kumene ndinakulira, tinalipo ana asanu ndi awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri. Sindinakhalepo ndekha ngakhale kubafa, chifukwa panja pamakhala wina akukuwa kuti ufulumire. Tsono pano chitseko chikangoti gwa, nsapato za amayi n'kuzimirira kumasitepe, nyumba inkangoti zii. Ndinaphunzira mawu onse a nyumbayo: kulira kwa firiji, kugunda kwa lifiti ikaima pansanjika yathu, sitima ikamadutsa kuseri kwa msika, nkhunda zikamakangana padenga. Ndinkadya buledi wopaka chiponde nditaimirira, chifukwa kukhala patebulo wekha kumachititsa manyazi. Masana ena ndinkayankhula Chichewa ndi firiji, kuiuza nkhani za kwathu, poopa kuti pakamwa pangaiwale. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo sindinkawauza amayi chifukwa ankafika mapazi atatupa.

Kutentha kukanyanya ndinkakwawira kukhonde lathu laling'ono, n'kuyala chitenje pansi pa simenti kuti a pansi asandione. Ndinkagona chagada n'kumayang'ana ndege zikudutsa kutali, ndikudzifunsa kuti mwa zonsezo yopita kwathu ndi iti. Tsiku lina ndili chigonere choncho, ndege inatera pamimba panga.

Inali yotalika ngati mkono wanga, ya mapiko awiri osanjikizana, yopakidwa utoto wa lalanje, ndi kadontho kofiira mbali iliyonse. Pulopela yake inazunguliranso kawiri n'kuima. Kuseri kwa khoma lolekanitsa makonde kunamveka munthu akutsokomola. Ine phee. Patapita kanthawi ndinamva kugogoda pakhomo pathu, kugogoda kwaulemu, katatu kokha. Ndinakwawa n'kukasuzumira pa kabowo kolowetsera makalata. Ndinaona masilipasi, thalauza lositidwa bwino, kenako mawu a Chingerezi chodukizadukiza anatsika kuchokera pamwamba.

"Pepani. Ndege yanga yatera m'dziko lanu popanda chilolezo. Ndabwera kudzaipepesera."

Asosho sangayankhule choncho. Ndinatsegula.

Anali bambo wamfupi, wokalamba zedi, tsitsi lili mbuu, magalasi ochindikala. Ndinawapatsa ndegeyo mmene anandiphunzitsira agogo, ndi manja awiri, bondo litapinda. Nditatero ndinachita manyazi, chifukwa sabata yanga yoyamba kusukulu ndinagwadira aphunzitsi popereka kope, ndipo kalasi yonse inaseka mpaka wina kugwa pampando. Koma bambowa sanaseke. Analandira ndi manja awiri nawonso, n'kuwerama mpaka ndinaona pakati pa mutu pawo. Chifikireni m'dziko limeneli, aka kanali koyamba kuti ulemu wanga upeze pofikira.

Anati dzina lawo ndi Moriyama, a ku Japan, ndipo khomo lawo ndi lotsatira. Sanafunse kuti amayi ali kuti. Makoma a nyumba imeneyo anali opyapyala, ndiye ankadziwa kale zonse, mpaka za firiji. Anangoti ali ndi phiko lina lofuna kupala, ndipo maso awo atopa.

Kuyambira mawa lake ndinayamba kuphwanya lamulo la amayi tsiku lililonse, kuyambira teni koloko mpaka folo. Pakhomo pawo munthu ankavula nsapato. M'katimo munali mwaudongo mochititsa mantha, ndipo fungo lija la mankhwala okhwimitsira mapepala a mapiko linali paliponse. Kudenga kunali ndege zoposa makumi awiri zolendewera pa ulusi, zimene zinkatembenuka pang'onopang'ono chitseko chikatseguka. Pakabati panali chithunzi cha mayi wachizungu akumwetulira, mkazi wawo, amene anamwalira zaka zambiri m'mbuyomo. Ana analibe. Pa msomali wa pafupi ndi windo panali chipewa chansalu chofwifwa, chosalala pamlomo chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ankandipatsa tiyi wozizira wokoma ngati chimanga chopserera, ndipo ndinkamwa mwaulemu mpaka ndinadzamuzolowera. Kiyi wanga ankalendewera n'kumagwera mu guluu, ndiye ndinkamuvula n'kumuika patebulo pafupi ndi kampeni.

Ndinayamba kuwaitana kuti Agogo. Anafunsa tanthauzo lake, nditawauza anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali. Iwo ankanditchula kuti Chiko-chan, mmene amaitanira ana kwawo.

Sitinkayankhula zambiri. Ine ndinkapala timatabwa, iwo ankadula ndi kumata. Nkhani zawo zinkatuluka zidutswazidutswa, maso ali pantchito, ndipo nthawi zambiri zinkayambira pa injini. Anati ali mnyamata, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, mwana aliyense wamwamuna wa pasukulu pawo ankafuna kukhala woyendetsa ndege. Iwo anakalembetsa, koma anagwa mayeso a maso. Bambo awo anatha mwezi osawayankhula. Ndiye anawatumiza kukaphunzira umakaniko, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anapezeka pabwalo la ndege kummwera kwa dziko lawo, pakati pa minda ya mbatata. Ndege ankazikankhira pansi pa mitengo n'kuziphimba ndi nthambi kuti adani asazione kuchokera kumwamba. Amakaniko ankagona pansi pa mapiko. Chakudya chinali mbatata, mbatata ikatha kholowa, ndipo apa ndinawauza kuti kholowa ndimamudziwa, tinaseka tonse.

Tsiku lina anatenga sikuludiraiva yaitali, anagunditsa nsonga yake pa firiji yawo, chogwirira n'kuchiika pa khutu langa. Ndinamva mkati mwa firiji muli kugunda ngati mtima. Anati umo ndi mmene ankamvetsera injini, ndipo ankatha kudziwa yodwala isanadziwe yokha. Apa ananena monyadira pang'ono, kenako nkhope inagwa.

Anandiuza kuti chakumapeto kwa nkhondo ndege zabwino zinali zitatha. Zinatsala zophunzitsira, za matabwa ndi nsalu, ngati ya lalanje ija inatera pamimba panga, zimene ankazitchula kuti tombolombo. Anazipaka utoto wobiriwira, n'kumangirira bomba kunsi kwake. Ozikwera anali anyamata a msinkhu wawo, ena ongodziwa kunyamuka ndi kuwongolera basi. Ndinafunsa kuti ankapita kuti.

"Kunyanja, kumene kunali sitima za adani."

"Nanga pobwera ankatera kuti?"

"Kunalibe pobwera, Chiko-chan."

Ndinamva mawuwo, koma ndinawamva ngati mmene mwana amamvera filimu ya nkhondo. Chimene chinandisangalatsa chinali mwambo wotsazikira. Anati ndege zikamanyamuka m'mamawa, onse otsala pansi ankandanda m'mbali mwa bwalo, n'kuvula zipewa, n'kumazizunguza pamwamba pa mitu mpaka ndege yomaliza isanduke kadontho n'kuzimirira. Palibe ankaloledwa kutsitsa mkono isanazimirire. Ine, mwana wosagwira mtima, ndinadumpha n'kutsomphola chipewa chija pa msomali, n'kuyamba kuchizunguza ndikufunsa ngati ndikukhoza. Sanakalipe. Anadzuka, anachilandira m'manja mwanga, n'kuchibwezera pamalo pake.

"Chipewa ichi chinamaliza ntchito yake," anatero, n'kubwerera pampando.

Chinthu chimodzi chokha chinkandinyansa mwa a Moriyama. Folo ikakwana, ine n'kuimirira kuti ndizipita, iwo sankadzuka. Sankatsazika, sankakweza ngakhale chala. Ankangotembenukira kutebulo n'kunena ntchito ya mawa: mawa timata mchira, mawa tipaka phiko lakumanzere. Kwa munthu woleredwa ku Ndirande chimenechi ndi chipongwe chenicheni. Kwathu mlendo timamuperekeza mpaka pa mjigo, nkhani ikakoma mpaka pa siteji, mwina iyenso n'kukuperekezani pobwerera. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawauza zimenezi manja ali m'chiuno. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti khomo langa lili mapazi asanu kuchokera pa lawo, sindingasochere. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti anthu a ku Japan amadziwa kuwerama koma kuperekeza anakuphonya.

Pakati pa Ogasiti kunatentha kuposa masiku onse. Tsiku limenelo ndinawapeza atavala malaya oyera ndi tayi, ngati opita kutchalitchi. Patebulo panalibe guluu kapena mapepala, ngakhale kuti tinali titayamba ndege yatsopano, yanga, imene inali ndi phiko limodzi lokha. Pa kashelufu kakafupi pansi pa windo panali tikapu tating'onoting'ono tisanu ndi tinayi, titandanda mzere umodzi, tonse todzaza madzi. Pambali pake kamtengo ka lubani kankafuka m'kambale ka phulusa. Ndinafunsa ngati kukubwera alendo. Anangogwedeza mutu, sindinadziwe ngati akuvomera kapena akukana. Dzuwa litafika paliwombo anaimirira kutsogolo kwa shelufuyo, manja ali m'mbali, osagwedezeka. Kenako anakhala pampando wawo, ndipo kutenthako kunawagonetsa.

Ndinakhala ndikuyang'ana tikapu tija. Lubani anali atazima, phulusa litagwera pashelufu, ndipo m'kakapu kena munali mutagwera kantchentche. Alendo sanabwere. Agogo anga a ku Ndirande ankati mtsikana amene amakhala pansi m'nyumba ya munthu wamkulu, ziwiya zakuda zikumuyang'ana, ndi mtsikana wopanda kwawo, ndipo mawuwa ankawatsindika ndi mthiko. Ndinaganiza kuti ndiwadabwitse a Moriyama, aone kuti ndinaleredwa. Ndinanyamula tikapu tonse mwakachetechete, madzi n'kukhuthulira mu sinki. Ndinatitsuka ndi sopo, ndinataya phulusa, ndinapukuta shelufu mpaka kuwala. Ndinali ndikupukuta kakapu komaliza, ndikuimba kanyimbo chapansipansi, pamene ndinamva mpando ukukhuluka.

Mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindinawamvepo, ndipo sindikanakhulupirira kuti angakwane m'chifuwa chaching'ono chija. Anali a Chijapani, aafupi, olamula, ngati a msilikali. Nkhope yawo inali ya munthu wina. Kakapu kanapulumuka m'manja mwanga n'kusweka pansi. Ndinathawa. Chitseko chawo chinadzitseka kumbuyo kwanga, ndinafika pa chathu, ndinagwira pakhosi, chingwe panalibe. Kiyi anali patebulo pawo, nsapato zanga zinali m'kati pakhomo pawo.

Ndikanangogogoda. Mpaka lero ndimadziuza zimenezi. Koma mantha ndi manyazi zinandimanga, ndiye ndinakakhala pa masitepe, mapazi ali pa simenti, ndikulira mosatulutsa mawu. A Moriyama ankayesa kuti ndili m'nyumba mwathu. Masitepewo ankanunkha mikodzo ndi mankhwala okolopera. Ndinawerenga njerwa, ndinawerenga kugunda kwa lifiti, ndinapempha Mulungu kuti pasadutse munthu.

Anadutsa mayi wina wachizungu wa pansanjika yachitatu, amene ankayenda ndi kagalu koyera. Anafunsa kuti amayi anga ali kuti, ine ndinati apita kugolosale. Patatha maola awiri anadutsanso n'kundipeza pomwepo. Anayang'ana mapazi anga, anapita kukatenga juwisi, kenako anakhala sitepe ya pamwamba panga ndi kagalu kake, osachokanso. Sanali munthu woipa. Amayi atatulukira pa masitepe dzuwa likulowa, yunifolomu ili yonyowa ndi thukuta, mayiyo anaimirira n'kuwauza kuti mwanayu wakhala panja tsiku lonse opanda nsapato, ndipo kuti iye sangaone zotere n'kukhala chete, pali anthu oyenera kuuzidwa. Amayi anapepesa ndi Chingerezi chawo cha kuntchito, chofewa, chomwetulira.

Titalowa ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira mokondwa. Koma amayi anangotsetsereka ndi khoma n'kukhala pansi m'kolido, chikwama chili paphewa.

"Chiko, wandipha," anatero. "Zonse zimene ndavutikira kuti ubwere kuno. Wandipha, mwanawe."

Pomwepo panamveka kugogoda. Amayi anandikokera kumbuyo kwawo, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za majekete akuda omwe aja. Koma kugogodako kunali kwa katatu kokha. Anali a Moriyama, akadali ndi tayi, atanyamula nsapato zanga ndi manja awiri, kiyi ali pamwamba pake. Anawerama osadzuka msanga. Amayi anayang'ana nsapatozo, anandiyang'ana ine, ndipo chinsinsi changa chonse cha masabata atatu chinaonekera poyera. Komabe munthu wamkulu sakanamusiya ataima pakhomo. Anawalowetsa, anawapatsa mpando, iwo n'kukhala pansi.

A Moriyama anati abwera kudzapepesa chifukwa chokalipira mwana amene sanalakwe. Kenako anafotokoza, pang'onopang'ono, akuyang'ana mawondo awo. Anati anyamata aja asanakwere ndege ankapatsidwa kakapu kuti amwe komaliza. Ndege zimene iwo anazikonza ndi manja awo zinanyamula anyamata asanu ndi anayi. Ndiye chaka chilichonse, pa tsiku limene nkhondo inatha, amawathirira madzi, aliyense kakapu kake, chifukwa kwawo amati akufa amabwera kudzacheza m'masiku amenewa ndipo amafika ndi ludzu.

"Injini ikavuta m'njira, mnyamata ankabwerera," anatero. "Ankamunyoza, koma ankabwerera wamoyo. Ena a iwo anakalamba, ali ndi zidzukulu, chifukwa amakaniko awo sankadziwa ntchito. Ine ndinkaidziwa ntchito, mayi. Injini yanga sinazimepo. Onse asanu ndi anayi anakafika."

Amayi, amene tsiku lonse ankasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni, anagwada bwinobwino n'kupepesa m'malo mwanga. Ine ndinayamba kulira za kakapu kosweka. A Moriyama anandiyang'ana koyamba madzulo amenewo.

"Kanali ka Haruo," anatero. "Sangakwiye. Nayenso anali wophwanya zinthu."

A Moriyama atapita, amayi anatseka chitseko. Kenako anati agogo awo aamuna anatengedwa ndi Angerezi kukamenyana ndi anthu a ku Japan amenewa ku Burma, ndipo anabwerako osafuna kumva dzina lawo. Anati sankaganiza kuti tsiku lina adzagwadira mmodzi wa iwo pa kapeti ya ku Edmonton. Atatero anandikalipira tsopano, mokwanira, kuti bwanji a Moriyamawo akanakhala munthu woipa. Ndipo tisanagone anali ataimbira kale anti Esnati, mnzawo wa kutchalitchi, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza, amene ankakhala ku Thamesmead ndi ana atatu. Anagwirizana kuti Lamulungu ndikakhale kumeneko, asosho asanafike. Ndinachonderera, ndinalonjeza kuti sindidzatulukanso. Amayi anati nkhani yatha.

Loweruka anandilola kupita kwa a Moriyama kwa ola limodzi. Ndinatenga kapu yanga yachitsulo imene ndinabwera nayo kuchokera ku Ndirande, yokhala ndi kachipsera pamlomo, ndinawapatsa ndi manja awiri kuti ikhale ya Haruo. Tinadzaza madzi tikapu tisanu ndi titatu, ndi kapu yangayo kumapeto kwa mzere, yaikulu kuposa tonse, yosayenerana ndi tinzake. Anaiyang'ana n'kunena kuti Haruo adzanyada. Nditaimirira kuti ndizipita ndinadikira pakhomo. Ndinkati lero lokha adzuka. Anatembenukira kutebulo, kumene kunali ndege yanga ya phiko limodzi.

"Ukabwera tidzamata phiko lachiwiri," anatero.

Lamulungu masana amuna awo a anti Esnati anabwera ndi galimoto. Anaika chikwama changa kumbuyo, amayi anakhala kutsogolo, ine ndinagwada pampando wa kumbuyo n'kuyang'ana m'mwamba kudzera pagalasi. Ndinawerenga nsanjika mpaka yachisanu. Analipo. Anaima pakhonde lawo, atavala malaya oyera aja, ndipo m'manja mwawo munali chipewa. Ndinati achichotsa pa msomali chifukwa cha ine, andizunguzira ngati mmene ankachitira ndi anyamata olimba mtima aja. Galimoto itayamba kuyenda ndinatsitsa windo, ndinatulutsa mkono mpaka paphewa, ndikukuwa kuti Agogo, Agogo, mpaka amayi anandikoka diresi. Ndinabayibitsa mpaka mkono kuwawa. Iwo anangogwira chipewacho pamimba ndi manja awiri, osagwedezeka, mpaka tinakhota pa msika.

Ndinalira njira yonse, kudutsa m'phanga la pansi pa mtsinje mpaka ku Thamesmead, ndipo onse ankayesa ndikulirira amayi. Ndinkalira ndi ukali. Ndinati sanandikhululukire za kakapu. Ndinati atulutsa chipewa dala kuti ndione chimene akundimana.

Kwa anti Esnati kunali phokoso lokwanira, koma ana awo ankamva Chichewa n'kuyankha Chingerezi, ndipo ankanditchula kuti wa kumudzi. Ndinkagona pa matiresi pansi, ndikuyang'ana denga lopanda kanthu. Amayi akabwera Lamulungu ankati nkhalamba ija ikufunsa za ine, ndilembe kakalata, akaiponyera pakhomo. Ndinkati mawa. Ukali wa mwana ndi wopusa koma ndi wokhalitsa. Asosho sanabwere n'komwe, mwina mayi wa kagalu sanaimbe n'kuimba komwe. Komabe amayi sanakhalenso ndi mtendere ku Edmonton, ndipo masamba atayamba kuyoyoka anapeza ntchito ina n'kusamukira kufupi nafe. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinakwera mabasi awiri ndi sitima, ndekha, osauza munthu. Pakhomo pa a Moriyama panali njinga ya mwana ndi nsapato zambirimbiri. Mayi amene anatsegula anati akhala pamenepo zaka ziwiri, ndipo sanamvepo za munthu wa ku Japan. Sindinadziwe kumene ndege zija zinapita, kapena kapu yanga.

Zaka zitatu zapitazo amayi anadwala, madokotala ananena zimene ananena, ndipo iwo anati akufuna akapumire kwawo. Ndinawaperekeza ku eyapoti ndi mwana wanga wamkazi, monga mwa chikhalidwe chathu, mpaka pamene operekeza amathera. Akuwakankha pa njinga ya odwala anatembenuka n'kukweza kampango kawo. Mwana wanga anadumphadumpha akubayibitsa, kenako anandigwedeza kuti nanenso ndikweze mkono, agogo akutiyang'ana. Mkono unakana. Ndinapezeka nditakumbatira chikwama changa pamimba ndi manja awiri, ndikuopa kuti ndikangoukweza ndiye kuti ndavomera.

Ndili mwana ndinkati a Moriyama anandimana ulemu umene anapatsa anyamata asanu ndi anayi. Sindinawerengere kuti mwa onse amene anawazunguzira chipewa chija palibe amene anabwerera. Anachichotsa pa msomali chifukwa mwambo wa kwathu ndinali nditawauza, ndipo anatuluka kudzandiperekeza mmene akanathera. Koma sanachikweze, chifukwa ankafuna kuti ine ndibwerere. Anandisungira phiko lachiwiri, ndipo ine ndinafika mochedwa.